Mlatho wa pa Dikirani

Kuseri kwa mapiri asanu ndi awiri, kumene ngakhale mphepo inkayamba yapempha chilolezo isanaombe, kunali ufumu wa Tilibwino. Dzinali silinali lamasewera. Munthu akafunsidwa kuti wadzuka bwanji, yankho lovomerezeka linali limodzi basi, ndipo woyankha mwina ankakafotokoza ku bwalo kuti mutu wakewo ukuwawa mwa chilolezo cha yani. Pampando panali Mfumu Sindilakwa Wachitatu, mwana wa Sindilakwa Wachiwiri, amenenso sanalakwepo.

Ku likulu la Mpandowofewa, kumbuyo kwa nyumba yachifumu, kunali chinyumba chachitali chopanda mazenera chotchedwa Nyumba ya Zolembedwa. M'menemo munkasungidwa Buku la Masiku a Mfumu. Ankangoti Buku, koma anali mabuku mazana atatu osanjidwa mpaka kudenga, ndipo amene ankawawerenga mwakhama, tsamba ndi tsamba, chinali chiswe. Lamulo lalikulu la dzikolo linali lalifupi: zimene zalembedwa m'Buku zinachitika, zimene sizinalembedwe ndi mphekesera. Wong'amba tsamba ankapita nalo limodzi tsambalo.

Mlembi wa Bukulo anali Lufeyo Kamtsitsi, bambo wowonda, wofatsa, wa zala zothimbirira ndi inki. Kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ankatsata Mfumu kuyambira m'mawa mpaka madzulo, cholembera chili kukhutu. Sanali munthu woipa. Anali ndi luso chabe, ndipo luso lakelo linali lophika mawu.

Mfumu ikagona masana mpaka dzuwa kupendeka, Lufeyo ankalemba kuti, "Lero Mwini Dziko anasinkhasinkha za tsogolo la anthu ake kwa maola anayi maso ali chitsekere, nthawi zina akubuula ndi kulemera kwa udindo." Ikasewera bawo, ankati, "Mwini Dziko anayendera maenje makumi atatu ndi awiri nafesamo mbewu ndi manja ake." Tsiku lina nyama ya nkhumba itaivuta m'mimba, Bukulo linati, "Mwini Dziko anachita maulendo khumi ndi anayi oyendera zaukhondo, wapansi, mothamanga, osalola womuperekeza."

M'mawa uliwonse wolengeza wa boma ankakwera pa mgolo pakati pa msika wa Tamvakale n'kuwerenga tsamba la dzulo lake. Anthu ankamvetsera mwaulemu manja ali pa ntchito.

"Mwamva, anzathu? Dzulo anafesanso," ankatero mayi wogulitsa mandasi.

"Chaka chino tikolola mpaka nkhokwe kuphulika," ankayankha wa nsomba zouma, akuthamangitsa ntchentche. "Tingoyamba kusoka matumba."

Chaka chimenecho Mfumu inadandaula pa msonkhano wa nduna kuti yatopa ndi kutsatidwa ndi mlembi ngati nkhuku ya anapiye. Pomwepo anaimirira a Chomwecho, Nduna ya Mbiri Yabwino, bambo wonenepa amene khosi lake linazolowera kugwedezera mutu mbali imodzi yokha.

"Mwini Dziko," anatero, "maiko otsalira ndiwo amadikira kuti zinthu zichitike kenako n'kulemba. Ife tidapita patsogolo. Buku lizilembedwa masiku atatu zinthu zisanachitike, lizidindidwa, liziwerengedwa pamsika. Potero anthu azidziwiratu zimene munachita mkuja, ndipo inunso muzidzuka mukudziwa kale kuti mwagwira ntchito."

Nduna zinaomba m'manja mpaka zikhato kufiira. Lamulo linadutsa.

Tsono kum'mawa kwa likulu kunali mtsinje wa Dikirani, ndipo kutsidya kwake kunali dera la alimi la Mwaiwalika. Mlatho wa pamtsinjewo unalonjezedwa ndi Sindilakwa Woyamba, unayezedwa ndi Wachiwiri, ndipo Wachitatu anaupereka m'manja mwa a Chomwecho pamodzi ndi simenti, zitsulo ndi matabwa. Zinthuzo zinanyamuka bwinobwino ku likulu, koma panjira zinasochera n'kukamera kumudzi kwa a Chomwecho ngati nyumba yosanja.

Lolemba lina a Chomwecho analowa m'Nyumba ya Zolembedwa akupukuta thukuta.

"A Kamtsitsi, lembani kuti Lachinayi Mwini Dziko anatsegula mlatho wa pa Dikirani."

"Koma bwana, mlathowo..."

"Kodi inu ndinu mlembi kapena mmisiri?"

Lufeyo analemba. Ndipo poti anali munthu wonyadira ntchito yake, analemba bwino. Anaupatsa mlathowo mizati khumi ndi iwiri, zogwirira zopaka utoto woyera, ndi m'lifupi moti ngolo ziwiri zikanapatukirana. Anaika lumo lagolide m'manja mwa Mfumu, ndi nthungululu m'kamwa mwa amayi. Lachinayi lenilenilo Mfumu inatandala ikumetedwa ndevu, koma pambuyo pake itamva tsambalo likuwerengedwa inakhudzidwa kwambiri, n'kunena kuti tsiku limenelo silidzaiwalika pamoyo wake.

Pamsika wa Tamvakale palibe anakhulupirira. Ku Mwaiwalika nakonso anthu anangoseka. Koma kunali munthu mmodzi amene sanaseke, Yotamu, mwamuna wa Elube, mlongo wake wa Lufeyo. Yotamu anali mlimi wa tomato, munthu wosalankhulalankhula, amene ankamuona mlamu wake wophunzirayo ngati nyali ya banja. Anzake atamuuza kuti azungulire njira yakale ya kumtunda, ya tsiku lathunthu, iye anangoti, "Alamu anga ndiwo alemba. Sanganame." Anamanga madengu awiri panjinga n'kulunjika pa Dikirani. Atafika anapeza madzi okhaokha, mvula itagwa kumapiri. Kubwerera kunali kuwoletsa tomato yense. Anasenza njinga n'kulowa m'madzi. Asodzi anamupeza patapita masiku awiri atakodwa m'bango.

Uthenga utafika, Lufeyo anakapempha tchuthi cha maliro.

"Maliro a yani?" anafunsa a Chomwecho. "Munthu angamire bwanji pamene pali mlatho? Kapena mukufuna kunena kuti Buku linanama? Analemba ndani kodi?"

Lufeyo anabwerera pa tebulo lake. Kumaliro sanapite.

Patapita milungu itatu, dzuwa lili paliwombo, pakhomo la Nyumba ya Zolembedwa panaima mayi wovala zakuda, chitenje chili chonyowa mpaka m'chiuno. Anali Elube.

"Odi, achimwene. Musadabwe kunyowaku. Ndadzera pa mlatho wanu uja."

Lufeyo anamupatsa mpando, koma Elube anakhala pansi, natulutsa pepala limene analikulunga m'pulasitiki n'kulimanga pa duku.

"Werengani. Inu ndinu odziwa kuwerenga."

Linali lochokera ku bwalo la milandu la ku Mwaiwalika. Linkati Yotamu Kapichi, poti sangakhale atamira pamalo pamene pali mlatho, ali moyo. Poti ali moyo ndipo wajomba kawiri ku ntchito yolambula msewu wa Mfumu, akajombanso Loweruka likudzali dimba lake lilandidwa monga mwa lamulo. Linkaletsanso mwambo wa kumeta, chifukwa kulira munthu wamoyo n'kunyoza boma.

"Ndinawauza kuti manda alipo, akaone," anatero Elube. "Akuti chimenecho n'chulu. Ana anayi aja akudya za m'dimba lomwelo. Ndiye ndabwera kudzafunsa kwa eni mawu. Popeza alamu anu ali moyo, ndiuzeni kumene ali, ndikawauze kuti Loweruka asachedwe ku msewu."

"Achemwali, ine ndinangolamulidwa."

"Mizati khumi ndi iwiri munalamulidwanso? Utoto woyera uja? Usiku wonse... ayi, sabata yonse alamu anu ankangotchula utoto woyerawo, ati akufuna akauone ndi maso." Elube sanalire. Anangoyang'ana mabuku osanjidwawo kuyambira pansi mpaka kudenga. "Zonsezi munalemba ndinu?"

"Zambiri mwa izo."

"Mayi anagulitsa mbuzi kuti mupite kusukulu. Mbuzi zija bola tikanangodya."

Elube atatuluka, Lufeyo anakhala nthawi yaitali akuyang'ana tsamba loyera. Kufufuta sakanatha. Kung'amba kunali kudzikumbira manda. Chimene ankadziwa pa dziko lapansi chinali chimodzi chokha, kulemba. Anaviika cholembera nalemba tsamba la Lachisanu: "Lero Mwini Dziko, pokumbukira mwezi umodzi chitsegulireni mlatho wa pa Dikirani, anawoloka mlathowo wapansi pamaso pa anthu ake onse."

Anapita nalo kwa Mfumu pamodzi ndi masamba ena. Mfumu inali ikuwengedwa zikhadabo za kumapazi, ndipo inadinda chidindo osayang'ana, monga inkachitira masiku onse.

M'mawa mwake wolengeza atawerenga tsambalo, msika wa Tamvakale unati zii. Kwa nthawi yoyamba m'mbiri ya msikawo, anthu anapempha kuti abwereze.

"Wapansi?" anafunsa mayi wa mandasi.

"Wapansi," anatsimikiza wolengeza, naye akuyang'anitsitsa pepalalo.

"Ine Lachisanu sindigulitsa," anatero wa nsomba zouma. "Chibadwire sindinaonepo chinthu cholembedwa m'Buku chikuchitika. Ndikafe nditaonako."

A Chomwecho anafika ku Nyumba ya Zolembedwa akupuma ngati ng'ombe yokoka ngolo pa chitunda.

"Mwachita chiyani, munthu inu?"

"Ndalemba, bwana. Kodi pali vuto ndi mlathowo?"

Nduna inatuluka liwiro kukaitana nduna zinzake.

Nduna zinakumana mwachinsinsi pansi pa mtengo wa mango, Mfumu isakudziwa. Nduna ya Zamadzi inati mtsinjewo ulamulidwe kuphwa pofika Lachinayi. Nduna ya Malamulo inati ngalande ya kuseri kwa khitchini yachifumu itchedwe Dikirani, aikepo thabwa. Mkulu wa asilikali anati anthu onse amangidwe m'maso. Anatsutsana mpaka njala inawabalalitsa, atagwirizana chimodzi: wina akauze Mfumu zoona. Atafunsana kuti winayo ndani, aliyense anakumbukira kuti ali ndi odwala kunyumba.

Mfumu yokha ndiyo inali yosangalala. "Mlatho wanga uja ndaulakalaka," inatero. "Chiutsegulireni sindinapezenso mpata. Mundikonzere nsapato zoyera, zigwirizane ndi zogwirira zija."

Lachisanu gombe la Dikirani linadzaza mbali zonse ziwiri. Ena anakwera m'mitengo, ena anabwera ndi mikeka ndi nzimbe. Gulu la ng'oma linali patsogolo, kenako asilikali, kenako galimoto ya Mfumu. Lufeyo anali pambuyo, Buku lili kukhwapa.

Mfumu inatsika, ikumwetulira, n'kuyenda pamkeka wofiira mpaka pamene mkekawo unathera. Patsogolo pake panali madzi amatope akuthamanga. Pambali panali mwala wa maziko wa Sindilakwa Woyamba, ndipo wina anali atamangirirapo mbuzi. Ng'oma zinaleka imodzi imodzi.

Mfumu inayang'ana kumtunda. Inayang'ana kumunsi.

"A Chomwecho."

"Wawa, Mwini Dziko."

"Mlatho wanga uli kuti?"

"Ulipo, Mwini Dziko. Kungoti ndi wamakono. Maso osazolowera amavutika kuuona."

"Chabwino. Inu maso anu ndi ozolowera. Tsogolani."

A Chomwecho anayang'ana anzawo, koma nduna zonse zinali zitapeza chinthu chochititsa chidwi pa nsapato zawo. Anakweza mwendo mwaulemu ngati akukwera sitepe, n'kuponda. Madzi anafika m'maondo.

"Ndi wolimba, Mwini Dziko!" anafuula.

Anapondanso. Madzi anafika pamimba.

"Simenti yake ndi yakunja!"

"Gwirani zogwirira zoyerazo, bwana!" anakuwa mayi wa mandasi ali pamtengo wogwa. "Mungaterereke!"

Pa sitepe yachitatu panangotsala chipewa chikuyandama. Asodzi awiri, amene analibe udindo uliwonse m'boma choncho ankatha kuona madzi, anapalasa bwato n'kuwavuula ndi kolala.

Palibe anaseka mokweza. Ku Tilibwino anthu anaphunzira kuseka ndi mapewa okha, ndipo tsiku limenelo gombe lonse linkagwedezeka mapewa ngati munda wa chimanga pamphepo.

Mfumu inatembenuka, nkhope itada. "Mlembi! Kodi ine ndinatsegula mlatho pano kapena sindinatsegule?"

Lufeyo anagwada. "Buku likuti munatsegula, Mwini Dziko."

"Buku silinama. Ine sindilakwa. Ndiye mlatho uli kuti?"

Kenako mawu a mayi anamveka kuchokera m'khamu.

"Mwina mufunse amuna anga, Mwini Dziko. Ndiwo anali omaliza kubwera kudzaufuna."

Anali Elube, ataima kutsogolo ndi zovala zake zakuda. Asilikali anasuntha kuti amugwire, koma a Chomwecho, amene anali chigonere pamchenga akulavula madzi, anadzuka ngati alumidwa ndi linthumbu.

"Ndi yemweyo! Mwini Dziko, nkhani yaululika! Mwamuna wa mayiyu, Yotamu Kapichi, anabwera pano ndi njinga ndi madengu awiri. Madengu anali a chiyani? Ndiye anaba mlatho!"

"Wonse?" inafunsa Mfumu.

"Ndi mizati yomwe!"

Nduna zinavomereza pamodzi kuti zakhala zikumukayikira munthuyo kwa nthawi yaitali. Mfumu inapumira m'mwamba, nkhope ikuwala ngati ya munthu amene wapeza nsapato yake yotayika.

"Agwidwe! Ali kuti?"

Nduna ya Malamulo inanong'oneza kuti malinga ndi bwalo la ku Mwaiwalika, munthuyo ali moyo ndipo akujomba ku msewu.

Apa Lufeyo anaona kampata, kakang'ono ngati diso la singano. Mtima unamuwawa ndi zimene ankati anene, koma anakweza dzanja ali chigwadire.

"Mwini Dziko, ndifunse kuti ndilembe molondola. Ngati ali moyo, lamulo likuti aweruzidwe poyera. Oweruza adzafuna kudziwa kuti zitsulo zinali zingati, anazilandira ndani, anamanga ndi amisiri ati, ndiponso kuti simenti yotsala inapita kuti. Adzaitana mboni. Mwina adzayenderanso nyumba zatsopano m'midzi, kuona ngati wakubayo anagulitsako zina."

A Chomwecho anatsokomola madzi otsala.

"Anafa!" anakuwa. "Mwini Dziko, ndangokumbukira. Anafa ndithu. Mlathowo unamulemera, anamira nawo. Manda ake alipo, aliyense akuwadziwa!"

"Ndiye bwalo lija linati ali moyo bwanji?"

"Linasokonezedwa ndi mphekesera."

Mfumu inaganiza kwa kanthawi, maso ali otsegula, chinthu chimene Lufeyo anali asanachionepo. Kenako inakweza ndodo yake.

"Tamverani, anthu a Tilibwino! Mlatho unalipo. Ndinautsegula ndekha. Unabedwa ndi Yotamu Kapichi, amene mwa chifundo changa ndikumuloleza kuti anafa. Wakufa salambula msewu ndipo saweruzidwa. Mkazi wake atsale ndi dimba, alire maliro ake, asatisokosenso. Ndipo za lero, poti Buku lanena kale kuti ndinawoloka, ndawoloka. Amene sanaone anaphethira."

Khamu linaomba m'manja. Wa nsomba zouma anauza mnzake kuti iye anaphethiradi, ndipo akudandaula kwambiri.

Lufeyo anatsegula Buku pabondo nalemba chigamulocho pomwepo, tsiku la imfa ya Yotamu ndi dzina lake lonse. Mfumu inadinda. Koma nthawi ino isanadinde inawerenga, mzere ndi mzere, milomo ikuyenda. Itamaliza inamuyang'ana mlembiyo nthawi yaitali.

"A Kamtsitsi, mwatumikira zaka zambiri. Dzanja lanu layamba kuyenda lokha. Kapumuleni kumudzi kuyambira lero. Buku azilemba a Chomwecho, popeza amaona zinthu zimene ena sationa."

Galimoto itachoka ndipo anthu atayamba kubalalika, Lufeyo anatsala pagombe wopanda Buku, manja akusowa pogwira. Elube anabwera n'kuima pambali pake.

"Achemwali," anatero Lufeyo, osamuyang'ana, "dimba latsala. Koma ndawasandutsa alamu anga mbala pamaso pa dziko lonse. Njira ina sindinaione."

Elube anapinda chitenje chake mpaka m'maondo. "Bambo a ana anga thumba limodzi la chimanga ankapumira nalo kawiri asanafike kuchigayo. Lero boma lati anasenza mlatho wa mizati khumi ndi iwiri. Asiyeni. Chikhalireni sanatamandidwepo chotere." Analoza mapazi a Lufeyo. "Vulani nsapatozo. Kumeta ndi mawa, ndipo ulendo uno simunena kuti mwakanizidwa tchuthi."

Asodzi aja anawaolotsa osawafunsa kanthu.

Mawa lake ku Mwaiwalika anthu anasonkhana pakhomo pa Yotamu. Elube anametedwa, ana anametedwa, ndipo analira momasuka kulira kumene anakusunga mwezi wathunthu. Lufeyo anakhala kumbuyo pa mtondo wogona, mutu uli pansi. Itafika nthawi yonena mbiri ya malemu, mkulu woyendetsa mwambo anayang'anayang'ana m'khamumo mpaka maso ake anagwera pa mlendo wa zala za inki.

"Tili ndi mwayi lero," anatero. "Pakati pathu pali alamu ake a malemu, munthu wophunzira, amene wakhala akulemba mbiri ya Mfumu yeniyeniyo. A Kamtsitsi, bwerani kutsogolo mutiuze za moyo wa Yotamu."

Lufeyo anayamba kudzuka, akukonza kolala. Mawu okoma anali atayamba kale kusonkhana okha pa lilime lake.

"Ayi," anatero Elube ali pamphasa, mutu wake wometedwa ukunyezimira padzuwa. "Achimwene akhale pansi. Anene wina. Tikufuna malemuyo timuzindikire."